Malaya a Payiloti

Tsiku lomwe tinamaliza mayeso a Folomu 4, anzanga ankalemberana pa malaya a yunifolomu: uyu dokotala, uyo loya, winayo nduna ya boma latsopano. Anga anangokhala mbee! Ndinazembera kuseri kwa chimbudzi n'kudzilembera ndekha ndi dzanja lamanzere: "Payiloti wanga, usadzandiiwale. Wako Tiyamike." Tiyamikeyo anali chiphadzuwa cha kalasi yathu.

Tsoka ilo, amayi anga, omwe ankatsogolera azimayi kutchalitchi, anawerenga mawuwo pochapa. Anandikokera kwa makolo a mtsikanayo ku Biwi, malaya ali m'manja ngati umboni wa kukhoti. Njira yonse sindinaulule. Kunena zoona, penapake ndinkanyadira.

Tiyamike anawerenga malayawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa mwaulemu:

"Pepani amayi, achimwenewa amaphunzira sukulu iti?"