Adokotala a Mano ndi Kampira Kamantha

Kuno ku Sylhet, pabwalo la gofu la pakati pa minda ya tiyi, pali adokotala a mano opuma ntchito amene chiyambire sanaphonyepo dzenje mwa kulakwa kwawo. Mpira ukaima pamlomo pa dzenje, amati nyerere yautchinga. Tsiku lina amati udzu wakula iwo akuyeza, kapena kwadutsa chivomezi chomva iwo okha.

Pa mpikisano wa madala chaka chino, mpira wawo unatsala chikhatho chimodzi kuti ulowe, atenge chikho chimene achisirira zaka khumi ndi zisanu. Mnzawo, a Talukdar, anasesa udzu ndi chipewa, napirikitsa akhwangwala.

"Tonse chete! Lero achimwenewa asapeze pothawira," anatero.

Adokotala anawerama, nayeza, nagogoda. Kampira kanayenda mwaulemu, kanasuzumira m'dzenje, n'kukhala pompo phee. Chikho chapita!

Madala onse anatchera khutu. Adokotala anawongoka atagwira msana, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

"A Talukdar, mwandilodza ndinu. Amuna khumi kuzungulira dzenje, manja kumbuyo, popanda wotsokomola! Mpira wanzeru ungalowe? Waona kuti mukufuna kuukwirira."