Chitenje cha Malemu pa Chithunzi

Loweruka lapitali nkhungu inatsika m'phiri osafuna kuchoka. Kumanda kunkangomveka madzi akudontha m'mabulugama ndi amayi a kwaya akuimba motsitsa. Tinkadalitsa chiliza cha mkazi wanga, Naphiri.

Aphunzitsi a Chimbalanga a ku Kabwazi anabwera ndi kamera yamakono yopanda filimu, imene imaonetsa chithunzi nthawi yomweyo pa kagalasi kakumbuyo. Anandijambula nditaima pachiliza. Titayang'ana, kumbuyo kwanga kunali mayi wooneka mwachizimezime, mitengo ikuonekera m'thupi mwake, atavala chitenje cha malemu cha maluwa achikasu.

Nyimbo inadukira panjira.

"Mlongo wathu sanagone," anatero alamu anga, a Benedikito. "Aphunzitsi, mwamutsekera m'kabokosi kanuko. Fufutani zonse."

"Alamu, tiyambe tafunsa," ndinatero. Koma mkamwini pamanda a eni ake mawu ake sapita patali.

Achibale atawazungulira, aphunzitsi anadina kabatani. Zonse zinapita. Momwemo munali chithunzi chimene anamujambula Naphiri pa Khirisimasi yake yomaliza, akuseka pakhomo la tchalitchi. Tinali tisanapeze wochisindikiza papepala. China ndilibe.

Titafika kunyumba, mitima itatsika, aphunzitsi anafotokoza. Kukachita mdima kamera imachedwa kutseka diso lake, ndipo munthu wodutsa pa nthawiyo amatuluka ngati utsi. Mankhwala ake ndi kuima chilili, kuika kamera pa chinthu chosagwedezeka, kapena kudikira dzuwa. Basi.

Nanga anadutsa ndani? A Rozina, mng'ono wake wa malemu, popita kukaika nkhata ya maluwa. Chitenjecho anachilandira pogawa zovala maliro atatha. Wogawayo anali a Benedikito omwewo.

Abale anga, zaka zino za matipate tamasuka pakamwa, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Koma makutu tinawasiya kuti? Chinthu chikatidabwitsa, kaya kumsika, kaya kumpingo, timathamangira kuchifafaniza, mafunso pambuyo. Kodi kufunsa kuti "wadutsa apa ndani?" kukanatichedwetsa motani?

Lamulungu Misa itatha, a Benedikito ndi a Rozina anandidikira panja. Alamu anagwira chipewa m'manja.

"Bambo a Sesiliya, tinaopa. Palibe njira yobwezera chithunzi cha Khirisimasi chija?" anandifunsa, akunditchula ndi dzina la mwana wanga.

"Aphunzitsi akuti palibe."

A Rozina anafuna kundipatsa chitenje chija. Ndinawauza kuti azivalabe, chimawakhala.

Nkhope ya Naphiri yayamba kale kundivuta kuikumbukira bwino. Koma awiriwo ndinawakhululukira.