Chaka Chimene Mkaka wa Dailes Unauma

Inu amene nkhawa yakufinyani, tamvani za Dailes wa ku Tsangano.

Mu 1952, mnzake wa mwamuna wake anafika kuchokera ku Joni atanyamula jekete ndi bulangete basi. Zinali za mwamuna wa Dailes, Goliati, yemwe anali atafera mumgodi, n'kuikidwa komweko. Dailes anatsala ndi khanda, Malita.

Sanalire kwambiri, ndipo anthu ankamutama kuti ndi wolimba mtima. Koma mutu unkamuwawa ngati waumanga ndi luzi. Mtima unkathamanga ngakhale atangokhala pakhonde, m'mimba mukuwotcha, tulo osabwera. Kenako mkaka unayamba kuuma. Malita ankangolira pabere, akuwonda tsiku ndi tsiku.

Mkulu wake, Lufina, anamuperekeza kuchipatala cha mishoni. Mzamba wa kumeneko, mayi Aida, anamupima koma sanapeze malungo kapena chifuwa. Anakhala naye pansi pamphasa.

"Amake Malita, za amuna anu mumakamba ndi ndani?"

"Palibe. Ndikangoyamba sindingathenso kuleka."

"Ndiye yambani pompano. Mwanayu ndipatseni ndimunyamule."

Dailes analira mpaka mawu anasasa. Mayi Aida sanamutonthoze msanga, anangomusisita pamsana. Dailes atatonthola, mayi Aida anamuuza kuti, "Maganizo akachuluka, thupi limadwala nawo. Muzidya ngakhale pang'ono, mwanayu muzimuika pabere pafupipafupi, ndipo musamabindikire nokha m'nyumba."

Kuchira sikunabwere msanga. Lufina, yemwe nayenso anali ndi khanda, ankayamwitsako Malita. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo ndi makasu awiri.

"Tiye kudimba, m'bale wanga. Ukatopa ukangokhala pamthunzi."

Masiku ena Dailes ankakana. Lufina ankabweranso mawa lake.

Kudimba kuja amayi ankaunda mizere ya mbatata ya kachewere uku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Tsiku lina Dailes anaimika khasu n'kunena kuti, "Nyimbo iyi bambo a Malita ankaikonda, koma mawu awo! Ngati ng'ombe yasochera." Onse anaseka, iyenso anaseka, misozi ili mbwee. Masanawo anamva njala, ndipo anadya n'kupempha china.

Pang'onopang'ono tulo tinabwerera, mutu unapepuka, mkaka unayambanso kutsika. Malita anachira ndipo anakula.

Dailes anapitiriza kulima kachewere mpaka dimba lake linakula, anthu n'kumabwera kudzagula mbewu kwa iye. Akamva kuti mayi wina wataya mwamuna ku migodi, ankapita kukakhala naye. Sankamuuza kuti alimbe mtima. Ankamunyamulira mwana n'kunena kuti, "Ndiuzeni za amuna anu."

Inunso ngati thupi likukuwawani chifukwa cha zimene mwabisa mumtima, musazisenze nokha. Pitani akakupimeni, pezani munthu womuuza, idyani, tulukani mukagwire ntchito pamodzi ndi anzanu. Lero zikakanika, mawa yesaninso. Osataya mtima.