Matuza a Kumanzere kwa Nthiti

Ululu unayamba Lolemba, kumanzere kwa nthiti, ngati wina wandigunditsa ayironi yotentha. Lachitatu m'mawa ndinaona matuza. Ndinawawerenga pagalasi la kubafa: timagulu tinayi, tondondozana kuchokera pamsana kubwera cha pamchombo. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndipo sindinafunikire wondiuza. Kwathu timati mashingozi.

Ndisanabwere ku Glasgow ndinagwira ntchito ya nyuzipepala ku Blantyre zaka khumi ndi zinayi, zambiri mwa izo ndikukonza nkhani za anzanga zisanapite kosindikiza. M'zaka zimenezo mashingozi anali ngati chidziwitso cha pakhoma. Mnzathu akayamba kukhala chopendekera pampando, kuopa kuti malaya amukhudza, tinkangoyang'anana. Pakatha chaka kapena ziwiri ndinkakonza uthenga wa maliro ake, ndi mawu aja akuti "atadwala kwa nthawi yaitali". Anthu ankanenanso kuti matuzawo akazungulira thupi n'kukumana, munthu kwake kwatha.

Ndinalemba mitu yambiri yolimbikitsa anthu kukayezetsa magazi. Ineyo ndinali ndisanayezetsepo. Pobwera kuno anangondijambula chifuwa kufufuza TB.

Lachisanu ndinapita kwa dokotala wathu ku Govanhill, mkazi wanga osadziwa. Dokotalayo anayang'ana kanthawi kochepa, nandilembera mapiritsi omwa kasanu patsiku kwa sabata imodzi. Papepala lina analemba mawu awiri, herpes zoster. Kenako anafunsa, mofatsa, kuti ndinayezetsa liti HIV komaliza, nati magazi atha kunditenga pomwepo. Ndinayankha kuti ndikuthamangira kuntchito. Tsikulo ndinali pa holide.

Kunyumba ndinatsitsa dikishonale imene ndinachoka nayo ku nyuzipepala, yong'ambika chikuto. Mawu oyamba ndi chilembo cha z ali kumapeto kwenikweni, masamba ochepa, oyera kuposa onse chifukwa palibe amene amafikako. Zoster: mawu ochokera ku Chigiriki, lamba amene asilikali akale ankamanga m'chiuno. Lamba. Ndiye kuti Agiriki nawonso anaona zozungulira thupi zija.

Ndinalephera kutseka bukulo. Ndinawerenga mawu oyandikana nawo onse, ngati munthu wodikira pamzere wa kuchipatala amene akuwerenga zikwangwani. Zori ndi patapata wa ku Japan. Zorilla ndi kanyimbi, yemwe uja wamizere yoyera ndi fungo lake. Zoonosis ndi matenda ochoka kwa nyama kupita kwa munthu. Zugzwang ndi mawu a osewera chesi: nthawi yako yosuntha yakwana, koma kulikonse kumene ungasunthe zikuipira. Cha kumapeto kunali zymotic, mawu amene madokotala akale ankatchulira matenda opatsirana, poganiza kuti amawira m'magazi monga momwe umasasira mowa. Ndinagwira nthiti zanga. Zinali zotentha.

Mapiritsi ndinawabisa m'thumba la jekete yanyengo yozizira. Ndinkamwera kuchimbudzi, mpopi ukutuluka madzi. M'mawa uliwonse ndinkaika kadontho ka bolopeni pakhungu pamene matuza alekezera, kuti ndione ngati akuyenda. Loweruka anali atadutsa kadonthoko pang'ono.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo wina, Mmalawi mnzathu, anandimenya pambali mwachikondi popereka moni. Ndinapindika. Mkazi wanga anali poteropo, ndipo anaona. Iye amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Pollokshields, ndipo thupi la munthu amaliwerenga msanga kuposa momwe ndimawerengera nyuzipepala. Titakwera masitepe onse mpaka kunyumba kwathu, anatseka chitseko cha kukhitchini.

"Vulani malaya."

"Kukuzizira, mayi."

"Hita ndayatsa. Vulani."

Anavala magalasi, nawerama.

"Mashingozi. Kuntchito agogo atatu adwala chaka chino, azungu a konkuno, mano alibe. Mukuganiza kuti anakawatenga kumabala a mowa a ku Ndirande? Ndi katsabola amene munadwala muli mwana, amangogona mumtsempha. Amatsata mbali imodzi, sazungulira. Nanga timadontho ta inki iti?"

"Ndimayeza."

"Mumayeza. Mtolankhani." Anavula magalasi. "Kwa dokotala mwapita?"

"Lachisanu."

"Za magazi ananena?"

"Ananena, koma ndinali ndi changu."

"Changu cha kuti, abambo? Lachisanu munali pano, ndinakupezani mutakumbatira dikishonale."

Ndifotokoze mwambo umene amuna ambiri a msinkhu wanga tinali nawo, ngakhale palibe ankautchula. Mkazi akakhala woyembekezera amayezedwa kusikelo. Akabwera n'kunena kuti zili bwino, mwamuna amapuma, n'kutenga zotsatirazo ngati zake. Ndinachita zimenezi pa ana athu onse awiri. Mkazi wanga ankadziwa.

"Munkayezetsera pa ine," anatero. "Chabwino. Koma womaliza uja ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kuchokera nthawi imeneyo chinachitika n'chiyani, chimene chikukunjenjemeretsani chonchi?"

Ndinamuuza. Ulendo wa ntchito ku Mzuzu, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, masiku anayi. Ndinanena mwachidule, monga tinkaphunzitsira olemba nkhani atsopano: ndani, kuti, liti. Chifukwa chake sanafunse. Anatenga malaya anga pampando n'kundipatsa.

"Ndiye kuti zaka khumi ndi ziwiri zonsezi nanenso ndili pamzere, osadziwa."

Lachiwiri tinapita tonse kukatengedwa magazi. Iye anayamba, atapinda yekha dzanja la juzi, akuyang'ana singano. Ine ndinayang'ana kukhoma. Namwino anatiuza kuti tidikire masiku angapo. Pobwerera anakhala mpando wakutsogolo m'basi, ine kumbuyo, ndipo ndinkaona mutu wake wokha ndi duku lake.

Masiku atatu amenewo sindinaope za ine ayi. Ndinkamuyang'ana akutsuka mbale, akumanga nsapato zakuntchito, n'kumafunafuna pakhosi ndi m'manja mwake zizindikiro zimene ndinkazidziwa kale. Akatsokomola kamodzi mtima unkaima. Foni ikalira ndinkasiya kaye ilire kawiri.

A kuchipatala anaimba Lachisanu masana, foni yanga poyamba, yake patapita mphindi makumi awiri. Tonse tinalibe kachilombo. Ndinakhala pansi pakhitchini.

Mkazi wanga anaika foni patebulo, nalowa kuchipinda. Anatuluka atanyamula pilo wanga ndi bulangeti, n'kukaziika pasofa.

"Mpaka matuzawo aume," anatero.

Matuza anauma patatha masabata atatu. Pilo anakhala pasofa miyezi ingapo, mpaka mwezi wa Meyi.