Chikumbu Chopanda Mboni

Munali mu 1967, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mayi anali atamwalira kwathu ku Nkhotakota. Maliro atatha, bambo anakulunga makina awo osokera m'chiguduli, n'kunditenga ine, ulendo wa kumpoto pa sitima ya pamadzi. Tinakakhala pa Uliwa. Nthawi imeneyo panali masitolo ochepa, msewu wafumbi ndi mitengo ya mango. Bambo anapatsidwa malo pakhonde la sitolo ina kuti azisokerapo. Tinkagona m'kachipinda ka kuseri, pamodzi ndi matumba a mchere.

Bambo sanali munthu wocheza. Ankasoka, ankadya, ankagona. Ine ndinatengera iwo. Kusukulu ankaphunzitsa m'Chitumbuka, ndipo ine ndinkangotola mawu apa ndi apo ngati nkhuku pamtondo. Anyamata sankandimenya, sankandinyoza. Ankangondilambalala monga munthu alambalalira chitsa panjira. Dzina langa panalibe wolitchula. Ndinali mwana wa telala basi.

Anyamata a kumeneko anali ndi masewera a zikumbu. Ankazigwira m'mitengo, kuzisunga m'zitini zoboola ndi msomali, n'kumazidyetsa mango owola kapena nthochi. Akaweruka ankakumana kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mkuyu. Aliyense ankamanga ulusi ku mwendo wa chikumbu chake n'kuchiulutsa, ndipo chokhalitsa m'mwamba ndicho chinkapambana. Ankasinthananso. Zakuda zinali zawamba, aliyense anali nazo. Zamathothomathotho achikasu zinali zosowa pang'ono. Koma pamwamba pa zonse panali chimodzi chimene ankachitcha Themba, ndiko kuti mfumu. Chinali chachikulu, chobiriwira mowala, cha mizere yoyera ndi nyanga pamphuno. Ambiri mwa iwo anangomva mbiri yake.

Masewerawo anali ndi malamulo, ndipo malamulowo anali ndi chiyambi chake. Chaka cha m'mbuyo mwake mnyamata wina, Yotamu, anatenga chikumbu chakuda, n'kuchipaka penti yotsala pa mawindo a sukulu, n'kunena kuti ndi Themba. Anasinthana ndi mnzake, natenga chitini chonse cha mnzakeyo. Mawa lake penti inayamba kukanganuka. Yotamu anachotsedwa pansi pa mkuyu, ndipo kuyambira pamenepo chikumbu chachilendo chilichonse chinkayenera kufunsidwa mafunso. Wachipeza kuti? Wachipeza liti? Anaona ndani? Wofunsa anali Mapopa, mnyamata wamkulu kuposa tonse, wa ndevu zoyamba kumera, amene anabwereza kalasi koma zikumbu ankazidziwa ngati ana ake.

Zonsezi ndinaziphunzira ndili patali. Panali chulu chapafupi ndi tchalitchi, ndipo ndinkakhala pamenepo ngati ndikupuma. Panalibe wondiitana, inenso sindinapemphe. Ndinapeza chitini changa, n'kuyamba kugwira zanga. Ndinkaziulutsa kuseri kwa sitolo, ndekha, popanda wopikisana naye. Ulusi wanga unali wabwino kuposa wa onse, poti unali wa pamakina a bambo.

Ulusiwo ndi umene unabweretsa Wongani. Anali kamnyamata kowonda, ka mano otalikirana, kokhala kutsogolo kwanga m'kalasi. Tsiku lina anaima pa nsanamira ya khonde lathu, naloza ulusi wofiira, nalankhula Chinyanja chopindika kuti ndimugawireko. Ndinamudulira. Anaseka, nandionetsa chikumbu chake chakuda chothyoka mwendo. Anabweranso kangapo. Sitinkalankhula zambiri, koma ankabwera.

Mango atatha, chimanga chitamasula, bambo anandituma kumtunda kukatenga makala a m'simbi kwa munthu wina wowotcha makala. Kunali kutali, njira yake ya miyala, udzu wonyowa mpaka m'chiuno. Pobwerera ndinatula thumba pansi pa mtengo wina umene mphepo inathyola nthambi. Pothyokapo pankatuluka madzi onunkha ngati mowa wosasa. Ntchentche zinali ng'waa. Pakati pa ntchentchezo panali Themba.

Ndinavula malaya n'kuchivundikira. Chinandikanda m'manja ndi miyendo yake yaminga, chili ndi mphamvu ngati kambalame. Nditatsegula pang'ono, dzuwa linagwa pamsana pake, ndipo kubiriwira kwake kunkasintha ndikapendeketsa dzanja. Ndinaimirira n'kuyang'ana uku ndi uku. Ndinkafuna munthu woti ndimuuze kuti taona. Kunali mbuzi za eni, zikudya. Kunali mitengo. Ndinakhala pansi kanthawi, kenako ndinasenza makala.

Kunyumba ndinaonetsa bambo. Anayang'ana pamwamba pa makina, phazi lili pa chopondera, nati n'chokongola, n'kufunsa ngati makala anali ouma.

Lolemba titaweruka sindinapite pachulu. Ndinalunjika pansi pa mkuyu. Anyamata anasiya kuulutsa. Ndinatsegula chitini. Miyendo ya Themba inkakanda chitsulo. Ena anakankhana kuti aone. Wongani anagwira pakamwa.

Mapopa anagwada, nayang'anitsitsa nthawi yaitali asanachikhudze. Kenako anayamba mafunso ake, pang'onopang'ono kuti ndimve. Anafunsa kumene ndinachipeza. Ndinaloza kumtunda, n'kufotokoza za mtengo wothyoka. Anagwedeza mutu, nati mitengo yotero ilikodi. Anafunsa tsiku. Ndinati Loweruka lapitali. Apa nkhope yake inasintha. Anati Themba amabwera ndi mango, amapita ndi mango, ndipo palibe anamuonapo chimanga chitamasula.

Kenako anafunsa lachitatu. "Kaboni wako ni njani?" Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ankafunsa mboni.

"Palibe," ndinatero. "Ndinali ndekha."

Wina kumbuyo anati bambo anga ali ndi utoto wonyikira nsalu, wobiriwira uliponso, iye anauona pakhonde. Zinali zoona, utotowo unalipo. Wina anati Yotamu wabadwanso, ndipo anaseka. Kenako ndinamva mawu amodzi akuyenda pakamwa ndi pakamwa, motsitsa: utesi, utesi. Bodza. Ine ndinali ndisananamepo kwa aliyense wa iwo. Kupatula Wongani, ndinali ndisanalankhule nawo n'komwe.

Mapopa anawakhalitsa chete. Ndiyenera kunena kuti sanali munthu woipa. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ndisunge chikumbu changa mpaka Loweruka, wina apite nane kumtengo uja, ndipo akakaona chinzake kapena chizindikiro chake, ameneyo adzakhala mboni yanga. Wongani anakweza dzanja msanga nati apita ndi iye. Yachiwiri inali ya parafini. Amanyowetsa kansanza koyera n'kupukuta msana wa chikumbu. Ngati ndi chopaka, kansanza kamanena.

"Koma parafini ni mukali, ngwoopsa, mwana wa telala," anatero Mapopa, akusakaniza Chinyanja ndi chakwawo. "Chikhoza kufa. Dikira Loweruka."

Loweruka linali kutali. Kuchokera Lolemba mpaka Loweruka ndikanakhala m'kalasi ndi mawu aja ali pamsana panga. Ndipo tikakapeza mtengo uli wouma, Themba wina kulibe? Ndikanabwerako ndili wabodza kawiri. Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha pa Uliwa, ndicho chakuti sindinama.

"Parafini," ndinatero.

Ndinathamanga ndekha kunyumba, n'kutsanula wa m'koloboyi wathu m'kachivundikiro ka botolo. Kansanza ndinatenga pa zodula za bambo, koyera kwambiri, kuti pasakhale wonena kanthu. Wongani anandigwira mkono pobwera, nati tiye tingodikira. Ndinachotsa dzanja lake.

Mapopa anachigwira pakati pa zala ziwiri n'kuyamba kupukuta. Anapukuta msana, anapukuta mutu ndi nyanga. Wina anati Yotamu anapaka ndi kumimba komwe, choncho anachitembenuza n'kupukutanso kumimba. Themba ankapalasa miyendo m'mwamba. Fungo la parafini linadzaza pansi pa mtengo. Atatha, Mapopa anatambasula kansanza n'kukapereka kwa woyandikana naye. Kanayenda m'manja mwa onse. Kanali konyowa, koma koyera. Msana wa Themba unkawala kuposa kale.

"Unenesko," anatero Mapopa. Zoona. Ananena mokweza, akuyang'ana uja ananena za utoto.

Anyamata anayamba phokoso. Ena ankandigwira mapewa. Wina anandifunsa dzina langa, koyamba chibwerere. Mapopa mwini anamanga ulusi ku mwendo wa Themba n'kundipatsa kuti ndiulutse onse aone. Ndinachiika pachikhatho n'kukweza dzanja. Sichinatsegule mapiko. Ndinachiuzira mpweya. Chinayenda pang'ono, mopepera, kufika pa chala chachikulu, n'kugwa chagada. Miyendo inapindikira mkati umodzi umodzi. Tinaima tonse kuchiyang'ana mpaka chinasiya kugwedera.

Lamulo lawo linali lakuti chakufa sichiwerengedwa. Panalibe anachita kulitchula. Mapopa anakanda m'mutu, nati ndibwere mawa ndi zanga zina, malo anga alipo. Ndinatola Themba, kumuika m'chitini, n'kuchoka.

Bambo anamva fungo la parafini m'manja mwanga ndipo anafunsa. Ndinawauza zonse. Sanasiye kusoka. Atafika kumapeto a msoko anadula ulusi ndi mano, nati, "Ukapeza chinthu chachikulu, usanachitole, yamba waitana munthu." Sanawonjezere, ndipo sitinaikambenso nkhaniyo mpaka imfa yawo.

M'mawa ndinatsegula chitini kuseri kwa sitolo n'kutaya zikumbu zanga zonse m'udzu. Pansi pa mkuyu sindinapondeponso. Pachulu sindinakhaleponso. Wongani ankabwera n'kuima pa nsanamira ija. Ine ndinkaweramira mabatani amene bambo ankandipatsa kuti ndisokerere. Ankaima, ankakanda pansi ndi chala cha kuphazi, ankapita. Tsiku lina sanabwere, ndipo sanabwerenso. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, n'kukhala pamakina.

Ndakalamba pa Uliwa pomwepa. Mawu a bambo ndawasunga. Pogula ng'ombe ndinaitana munthu. Pogula malo a nyumba ino ndinaitana anthu. Palibe ananditchulapo wabodza pabwalo lililonse.

Chaka chatha mdzukulu wanga Limbani anabwera kutchuthi kuchokera ku Mzuzu. Ali ndi masewera a pafoni osonkhanitsa tizilombo tojambula. Amatigwira, amatimenyanitsa, amasinthana ndi anzake amene sanawaonepo maso. Tsiku lina anapita kwa mnyamata wina wa pamsika woika nyimbo m'mafoni, ndipo anabwerako akudumpha. Anati wamuikira kachilombo kosowa kwambiri, kamene eni masewera anagawa pa chikondwerero chawo chokha. Asanasinthane ndi mnzake, mnzakeyo anati ayambe wakayesa. Ali ndi pulogalamu yoyesera. Ndinamuuza kuti akhale pafupi ndione.

Pulogalamuyo inkafufuza kumene kachilomboko kanachokera, tsiku limene kanaperekedwa, ndi dzina la wopereka. Anali mafunso a Mapopa, onse atatu. Yankho linatuluka lofiira. Tsiku lake silinkagwirizana ndi masiku a chikondwerero. Kanali kopanga.

"Koma kakuoneka chimodzimodzi, Agogo," anatero Limbani, misozi ili m'maso.

Ndinamuuza kuti akachotse, ndipo asadzapatse munthu chinthu chimene sakudziwa kochokera. Kenako ndinamufunsa ngati kachilombo koona kamafa akakayesa. Anandiyang'ana ngati ndasokonezeka, nati ayi, sikafa. Ndinafunsa za timene amagwira ali yekha, amachitira umboni ndani. Anati foni imalemba yokha. Ndinangoti chabwino. Ana a lero amayenda ndi mboni m'thumba.

Kwa zaka zambiri ndinkati Mapopa ndiye anapha Themba. Tsopano ndikuona kuti ayi. Mafunso ake anali oyenera, ndipo akanapanda kufunsa masewerawo akanatha ndi penti. Wabodza mmodzi akadutsa, onse obwera pambuyo pake amayesedwa, ndipo woyesedwa kwambiri ndi amene amayenda yekha. Choona changa chinali choona ndili pansi pa mtengo wothyoka uja, koma chinalibe miyendo yofikira kwa anthu. Miyendoyo akanakhala Wongani, ndipo anadzipereka. Sindikunena kuti ndinalakwa. Mawu anga anatuluka oyera, ndipo onse anaona ndi maso.

Koma telala amayeza nsalu yotsala ndi yotayika yomwe. Themba mmodzi, amene sindinaonenso wina moyo wanga wonse. Zikumbu zisanu ndi ziwiri zimene ndinataya m'udzu. Malo amodzi pansi pa mkuyu, amene ndinapatsidwa koma sindinakhalepo. Mnzanga mmodzi. Ndinalibe wina.