Naima ndi Usipa Wabuluu

Mwina nanunso munazimva, poti Senga Bay yonse inkanong'onezana. Akuti Naima, mtsikana wochapa zofunda pa loji uja, wapanga apu yachinyengo yobera asodzi ndalama za m'foni. Pamjigo nkhani inali yomweyo, kwa akabaza yomweyo. Naima akamadutsa, anthu ankangoti zii, akangopitirira kuseka kuja! Mayi ake mpaka anasiya kumutuma kumsika.

Koma abale, sizinali choncho ayi. Imvani mmene zinayendera.

Kuno ku Salima kuli gulu la achinyamata lomwe limakonza apu yaulere yochenjeza asodzi mphepo ya mwera ikamabwera. Apuyo ilibe mwini mmodzi. Aliyense wodziwa akhoza kuona mmene inapangidwira, kukonza polakwika, kuwonjezera nzeru zake, koma osalandira kanthu. Chizindikiro chake ndi kausipa kabuluu.

Naima analephera mayeso a Fomu 4, koma Chichewa ndiye amachitha kwabasi. Akaweruka ku loji ankamasulira mawu a mu apuyo pa kafoni kake kong'aluka galasi. Chomwe chinkamupweteka n'chakuti palibe ankadziwa. Azakhali ake ankamuseka: "Ntchito yopanda malipiro, yopanda ndi dzina lomwe? Iwe anakulodza."

Mawu amenewo anamulowa mumtima. Tsiku lina anajambula chizindikiro chakechake, chambo chofiira, pansi n'kulembapo dzina lake, n'kumwaza m'magulu a pa foni pamodzi ndi linki ya apu ija.

Asodzi anadabwa. Dzulo usipa wabuluu, lero chambo chofiira? Wina anangoti, "Ndi akuba amenewa." Basi, ambiri anafufutiratu apuyo m'mafoni mwawo. Apa n'kuti nyengo ya mwera ili pakhomo, ndipo mwera mukuudziwa, sucheza ndi boti.

Manyazi anamugwira Naima osati pang'ono. Anatuluka pagulu lija osatsanzika.

Mayeso, mnyamata wotsogolera gululo, anakwera kabaza kukamupeza kwawo.

"Achemwali, mwatithawa?"

"Ndakuwonongerani ntchito," anayankha Naima akuyang'ana zala zakumapazi. "Ndimangofuna munthu mmodzi yekha adziwe kuti nanenso ndilimo."

Mayeso anati, "Apa nafenso tinalakwa. Miyezi yonseyi palibe anakuuzani zikomo. Koma mwera sudikira kuti manyazi athe. Tiyeni kugombe."

Naima anapita. Woyamba kukumana naye anali bambo Ramadhani, msodzi wamkulu, akupaka utoto boti lawo.

"Ndiwe wakuba uja?"

"Ndine wa chambo chofiira uja, bambo. Sindinabe kanthu, koma ndinakusokonezani. Pepani."

Bambo Ramadhani anapukuta manja pa sanza. "Mwanawe, boti langali akazi anga amalidziwira patali ndi mzere wachikasuwu. Nditalisintha utoto osawauza, angaime pano n'kumalira kuti ndamira, ine ndikubwera pamaso pawo. Bweza usipa wathu uja." Anamupatsa foni.

Musaganize kuti onse anali ofatsa choncho. Ena anamuthamangitsa. Anyamata okoka makoka anamupatsa dzina loti Chambo Chofiira, akamuona n'kumakuwa. Naima ankafika kunyumba maso ali ofiira ngati chambo chakecho, koma mawa lake akaweruka ankabwereranso, boti ndi boti, kupepesa ndi kubwezera apu m'mafoni.

Nalo gulu lija linakhala pansi n'kugwirizana. Chizindikiro chikhala chimodzi, mtundu umodzi, pa foni, pa chikwangwani, paliponse. Koma mkati mwa apu muikidwe malo othokozera aliyense wothandiza, dzina lake lioneke. Ndipo woyang'anira kuti usipa uja usasinthidwenso anasankha ndani mukuganiza? Naima yemweyo! Akuti wopsa ndiye adziwa moto.

Mwera woyamba utayandikira, mafoni analira pagombe ponse, ndi mawu omwe Naima anamasulira aja: "Musalowe panyanja lero, mwera ukubwera." Amene anabwezera apu anakokera maboti awo kumtunda, anzawo ataona anachita chimodzimodzi. Masana mafunde anachita kuwinduka. Bambo Ramadhani anayang'ana nyanja, kuyang'ana Naima, n'kungoti, "Alhamdulillah, Mulungu atamandike, mwanawe."

Manyazi sanatheretu, poti dzina la Chambo Chofiira lilipobe mpaka lero, ndipo akalimva amawerama pang'ono. Koma azakhali aja, mukawaone pamjigo! Foni m'manja, kuonetsa aliyense: "Dzina ili ndi la mwana wa achimwene anga."

Ndiye inu amene munalakwitsa poyera n'kukabisala kuchipinda, osataya mtima. Gombe lanu likukudikirani. Koma ndikufunseni: mnzanu amene amakugwirirani ntchito mwakachetechete uja, munamuuza liti zikomo?