Tsiku Limene Tionenji Anatsutsa Dokotala Lawson

Inu amene mukuganiza zosiya sukulu, tamverani za Tionenji Chabwera. Mu 1973 anatsika basi m'komboni ya Harare, ku Salisbury, mzinda umene lero wonse umatchedwa Harare, maso ali psuu ndi kulira. Ku yunivesite anali atamuuza kuti akapanda kukhoza bwino temu imeneyo, malo ake apatsa wina.

Atsikana akuda pa yunivesiteyo anali owerengeka, ndiye wa makolo a ku Malawi anali yekhayo. Bambo ake, a Yosiya, anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, ndipo ankagwira ntchito yokumba manda mumzindamo. Anzake ankamuseka kuti ndi mwana wa mabwidi, dzina lonyozera Amalawi.

Mayeso olemba ankakhoza bwino. Vuto linali kalasi ya Dokotala Lawson, katswiri wa mbiri yakale amene anabwera kuchokera ku Canada pa mgwirizano wosinthana aphunzitsi. Mkuluyu ankanena mfundo yokhota mwadala kuti ophunzira amutsutse, ndipo malikisi ankachokera pamenepo. Koma Tionenji analeredwa kuti wamkulu akamayankhula umazolika, sumuyang'ana m'maso. Bamboyo akamufunsa maganizo ake, iye ankangoti, "Ndi momwemo." Mwambo umene anthu ankamutamanda nawo kunyumba ndi womwewo unkamugwetsa.

"Ndingowasiyira sukulu yawoyo, bambo," anatero. "Ndingatsutse bwanji munthu wa imvi?"

A Yosiya anati, "Lamulungu undiperekeze ku sosaite."

Sosaiteyo inali bungwe la maliro la Amalawi. Tsikulo wapampando, a Lameki, munthu wosatsutsika, anagamula kuti mayi wina wamasiye abwerere ku Malawi ndi ana ake, poti nkhondo yomenyera ufulu m'dzikomo inali itayamba kuvuta. Mayiyo ankalira chamumtima, chifukwa anawo kumudziko sankakudziwa n'komwe.

A Yosiya anaimirira, chipewa chili m'manja. "Akuluakulu, mwayankhula zanzeru. Ine ndingoponda momwe mwapondamo." Anayamikira mfundo ya a Lameki, n'kuifunsa kafunso, n'kuitembenuza pang'onopang'ono. Pomwe ankakhala pansi, nkhani inali yoti mayiyo akhala, ndipo a Lameki ndi amene anayamba kuwomba m'manja.

Pobwerera anamuuza mwana wawo kuti, "Waona? Wamkulu timamutsutsa. Chomwe sitichita n'kumuvula."

Musaganize kuti zinatheka tsiku limodzi. Ulendo woyamba Tionenji atakweza mkono m'kalasi, mawu anamuthawa, anzake n'kuphulika kuseka. Sanagwe ulesi. Ankawerenga m'basi, ankayeserera kuyankhula pochapa, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala kumbuyo ku sosaite kumvetsera mmene akuluakulu amawongolerana.

Tsiku lomaliza la temu linafika, mwayi wake wotsiriza. Dokotala Lawson anati, "Amalawi anabwera kuno kudzafuna njinga ndi masuti. Ndi alendo, komboni si kwawo." Atatero anamuyang'ana Tionenji.

Tionenji anaimirira.

"Aphunzitsi, mwanena zoona, njingayo bambo anga ali nayo. Ine ndingoponda momwe mwapondamo. Ambiri anathawa msonkho ndi thangata, osati kutsata suti. Tsono pa za ulendozo, mlendo amanyamula zake zonse pochoka. Ife agogo athu, azakhali athu ndi makanda athu agona m'dothi la mzinda uno, ndipo amene anawakumbira ndi bambo anga. Tiwanyamula bwanji? Kwawo kwa munthu ndi kumene anaika abale ake."

Aja ankamusekawo anazolika. Dokotala Lawson anamenya tebulo ndi chisangalalo. "Chaka chonse ndakhala ndikudikira mawu amenewa! Pitirizani, mayi Chabwera, munditsutse mpaka ndigonje."

Malo ake sanapatse wina.

Chaka chotsatira boma la nthawiyo linakana kumuwonjezera Dokotala Lawson masiku okhala m'dzikomo, chifukwa ankakonda kucheza m'makomboni. Asananyamuke anapereka dzina la Tionenji ku mgwirizano womwe unamubweretsa uja. Atamaliza digiri yake, mwana wa okumba manda anakwera ndege kukaphunzira ku Canada, ndipo kumeneko analemba mbiri ya Amalawi a ku Salisbury, n'kukhala Dokotala Chabwera.

Nkhondo itatha, yunivesite ija inamuitana ngati katswiri wodzacheza. Holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala a Yosiya, atavala suti ya ku sosaite, chipewa pabondo, ndipo pambali pawo a Lameki ankauza aliyense kuti mwanayo anaphunzirira kwa iwo.

Tionenji atamaliza kuyankhula anafunsa ngati pali wotsutsa. Ophunzira anangoyang'anana. Kenako a Yosiya anaimirira.

"Dokotala, mwayankhula zanzeru. Ine ndingoponda momwe mwapondamo."

Tionenji anaseka misozi ili mbwembwembwe, n'kukhala pansi kuti bambo ake amukonze.

Inunso mwina mukuona ngati kumene munachokera ndi kumene kukukutsekerani njira. Bwererani mukayang'anenso bwino, chifukwa Tionenji chida chake anachipeza pa msonkhano wa maliro. Musadziderere, musachite manyazi ndi kwanu, ndipo zivute zitani, osataya mtima.